Ntchito za Mabungwe Pobweza Kwawo Munthu Wokanidwa Malo Othaŵirako

 Tikambirana za mlendo amene waloŵa m'dziko la Zambia nanena kuti wathaŵa zoopsa kwawo, napempha boma kuti limsunge, koma boma litamva nkhani yake n'kumkana. Kodi munthu wotere amabwezedwa motani? Ndani amagamula kuti apite, ndani amamnyamula, nanga ndani amamlandira tsidya linalo?

Kwa anthu a ku migodi nkhaniyi si yachilendo. Chigawo cha Copperbelt chidagundana ndi dziko la Congo, ndipo zipata zitatu za m'malire zili pafupi: Kasumbalesa kufupi ndi Chililabombwe, Mokambo kufupi ndi Mufulira, ndi Sakania kufupi ndi Ndola. Malire ameneŵa adalembedwa m'nthaŵi ya atsamunda, ndipo adadula pakati mitundu ya anthu monga Alamba, kotero kuti alipo mabanja amene agogo awo adagona tsidya ilo, adzukulu ali tsidya lino. Chiyambire chaka cha 1960, pamene Congo idalandira ufulu wodzilamulira ndipo chigawo cha Katanga chidayesa kudzipatula, kukabuka nkhondo kumeneko anthu akhala akuwolokera kuno.

Tisanapite patali, tisiyanitse anthu atatu amene ambiri timawatchula ndi dzina limodzi. Woyamba ndi wopempha malo othaŵirako: iyeyu wafika, wapereka dandaulo lake, ndipo akudikira yankho. Wachiŵiri ndi wothaŵa kwawo wovomerezedwa: nkhani yake yamvedwa, yapezeka yoona, ndipo boma lampatsa chitupa. Wachitatu ndiye wathu wa lero, wokanidwa. Nkhani yake yamvedwa, koma yapezeka kuti siikwana pa muyeso wa lamulo. Ngati alibe chilolezo china chokhalira muno, monga cha ntchito kapena cha sukulu, ayenera kuchoka.

Muyeso umenewu udachokera m'mapangano aŵiri a pakati pa maiko. Loyamba ndi pangano la ku Geneva la chaka cha 1951, limene Zambia idaloŵamo m'chaka cha 1969. Ilo limati wothaŵa kwawo ndi munthu amene ali kunja kwa dziko lake chifukwa ali ndi mantha enieni oti akazunzidwa kaamba ka mtundu wake, chipembedzo chake, dziko lake, gulu limene alimo, kapena maganizo ake pa ndale. Lachiŵiri ndi pangano la maiko a mu Africa limene lidasainidwa ku Addis Ababa m'chaka cha 1969. Ili lidafutukula muyesowo poonjezapo anthu othaŵa nkhondo yochokera kunja ndi chipoloŵe chosokoneza mtendere wa dziko. Mapangano onse aŵiri adamanga mfundo imodzi yaikulu: munthu asabwezedwe kumalo kumene moyo wake kapena ufulu wake ungakhale pangozi. Kuno kwathu mfundozi zili m'lamulo la othaŵa kwawo la chaka cha 2017, limene lidaloŵa m'malo mwa lamulo lakale la 1970.

Tsono ntchito yobweza wokanidwa siidapatsidwe kwa ofesi imodzi. Idagaŵidwa kwa mabungwe angapo, ndipo idagaŵidwa dala. Woweruza nkhani ndi wina, womva apilo ndi wina, wotulutsa munthu ndi wina, wotsimikiza kwawo kwa munthuyo ndi winanso. Chifukwa chake n'chakuti cholakwa cha pa ntchito imeneyi sichikonzeka. Wogwira ntchito m'boma akalakwitsa msonkho, ndalama zimabwezedwa. Koma munthu akaperekedwa m'manja mwa omwe adawathaŵa, palibe kalata imene ingamtulutse. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Motero bungwe lililonse lili ndi nthaŵi yake pa mzere, ndipo mbiri ya dziko lino ikutionetsa zimene zimachitika limodzi likadumphidwa.

Oyamba pa mzere ndi a ofesi ya Komishinala woona za othaŵa kwawo, imene ili pansi pa Unduna wa za M'dziko. Mlendo akaloŵa, lamulo limafuna kuti adzionetse msanga kwa akuluakulu a boma, kaya pachipata, kupolisi kapena kwa a Imigireshoni, ndipo iwoŵa ayenera kupititsa pempho lake kwa Komishinala. Kumeneko amafunsidwa kumene wachokera, njira imene wadzera ndi chimene wathaŵa, ndipo ngati sadziŵa Chingelezi pamakhala womasulira wa Chiswahili, Chifalansa kapena chilankhulo china. Wovomerezedwa kaŵirikaŵiri amatumizidwa ku umodzi wa midzi ya othaŵa kwawo: Mayukwayukwa ku Kaoma, umene udatsegulidwa m'chaka cha 1966, Meheba kupitirira Solwezi, wa m'chaka cha 1971, kapena Mantapala ku Nchelenge, wa m'chaka cha 2018. Munthu angakanidwe chifukwa chakuti chimene chamchotsa kwawo ndi umphaŵi ndi kusoŵa ntchito, pakuti ngakhale njala iŵaŵa, mapangano aja sadaiŵerengere. Angakanidwenso ngati nkhani yake yapezeka yabodza, kapena ngati iye mwini adachita milandu yoopsa ya pa nkhondo.

Pambali pa Komishinala pamaima bungwe la United Nations loona za othaŵa kwawo, lodziŵika ndi dzina lakuti UNHCR, limene lidayamba ntchito m'chaka cha 1951. Anthu ambiri amaganiza kuti bungweli ndilo limavomereza kapena kukana. Ayi, m'dziko la Zambia mphamvu imeneyo ili ndi boma. Ntchito ya UNHCR ndi kulangiza, kuphunzitsa ofunsa mafunso, kupereka mbiri ya mmene zinthu zilili m'dziko limene munthu wachokera, ndi kudzudzula poyera pamene pangano laswedwa. Bungweli silitulutsa munthu m'dziko, ndiponso lilibe apolisi oletsa boma kutero. Mphamvu yake yagona pa mawu.

Achiŵiri pa mzere ndi omva apilo. Wokanidwa ali ndi ufulu wodandaula kwa Nduna ya za M'dziko, ndipo Khoti Lalikulu, limene limakhalanso ku Ndola ndi ku Kitwe, lili ndi mphamvu yoona ngati akuluakulu a boma atsata lamulo pogamula. Pamene dandaulo lisanathe, munthuyo akadali wopempha, ndipo sayenera kukhudzidwa. Apa tikumbuke zimene zidachitika m'mwezi wa Ogasiti 2018. Chisankho cha ku Zimbabwe cha pa 30 Julaye chitatha, asilikali adawombera anthu mu Harare pa 1 Ogasiti, ndipo atsogoleri a chipani chotsutsa adayamba kusakidwa. Mmodzi wa iwo, a Tendai Biti, amene adakhalapo Nduna ya za Chuma, adafika pachipata cha Chirundu pa 8 Ogasiti napempha malo othaŵirako. Boma la Zambia lidati zifukwa zawo n'zosakwanira. Maloya awo adathamangira ku Khoti Lalikulu ku Lusaka, ndipo khoti lidalamula kuti asachotsedwe kufikira nkhani itamvedwa. Komabe pa 9 Ogasiti a Biti adaperekedwa kwa apolisi a ku Zimbabwe. Bungwe la UNHCR lidadandaula kwambiri, likunena kuti kubweza wopempha mwa njira yotere ndi kuswa malamulo a maiko onse. Kaya pempho lawo lidali loyenera kapena ayi, pano sitingagamule. Ndipo khoti limene lidayenera kugamula silidapeze mpata, pakuti mwini nkhani adali atawoloka kale Zambezi.

Achitatu ndi a nthambi yoona za anthu oloŵa ndi otuluka m'dziko, amene tonse timawatchula kuti a Imigireshoni. Apilo ikatha ndipo yankho likadali lokana, munthu amachoka m'manja mwa Komishinala naloŵa pansi pa lamulo la za alendo la chaka cha 2010. Angapatsidwe masiku oti alongedze ndi kuchoka yekha. Akakana kapena akabisala, a Imigireshoni ali ndi mphamvu yomgwira, mothandizidwa ndi apolisi, ndi kumperekeza kufikira pachipata. Dziko lililonse lili ndi ufulu umenewu, ndipo popanda iwo kufunsa mafunso kuja kukadakhala kutaya nthaŵi chabe. Koma ufuluwo uli ndi malire ake: munthu aliyense aweruzidwe payekha.

Phunziro limeneli dziko lino lidaliphunzira m'chaka cha 1992. M'zaka zimenezo anthu ambiri a ku Senegal, Mali ndi Guinea ankachita malonda a miyala ya emerald m'mizinda ya ku migodi, makamaka ku Kitwe, ndipo boma linkadandaula za ozembetsa miyalayo ndi za alendo opanda zitupa. Pa 26 ndi 27 Febuluwale 1992 boma lidatulutsa anthu 517 a kumadzulo kwa Africa, ambiri a iwo atasungidwa m'ndende nthaŵi yaitali. Bungwe lina la ku Senegal lotchedwa RADDHO lidakasuma ku komiti ya maiko a mu Africa yoona za ufulu wa anthu, imene likulu lake lili ku Banjul m'dziko la Gambia. M'chaka cha 1996 komitiyo idagamula kuti Zambia idalakwa. Siidakane kuti boma lingachotse mlendo wokhala mosaloledwa. Chimene idatsutsa ndi kusonkhanitsa anthu monga gulu ndi kuwatulutsa osawapatsa mpata woonekera kukhoti. Anthu aja sadali opempha malo othaŵirako, koma chigamulocho chimateteza mlendo aliyense, ndi wokanidwa yemwe.

Pakati pa kugwidwa ndi kunyamuka pali nthaŵi yodikira, ndipo apa mpamene pagona mavuto ambiri. Kaŵirikaŵiri mlendo wodikira ulendo amasungidwa m'ndende wamba. Ku Copperbelt ndende zodziŵika ndi Kansenshi ku Ndola ndi Kamfinsa ku Kitwe. Wochokera ku Congo ulendo wake ndi waufupi, wa pa galimoto. Koma wochokera ku Ethiopia, Somalia kapena Burundi afunika tikiti ya ndege kapena ulendo wodutsa maiko ena, ndipo ndalama zikasoŵa, masabata amasanduka miyezi, munthu ali m'chipinda chimodzi ndi akaidi ogamulidwa. Pa nthaŵi imeneyi pali mabungwe ena amene ayenera kukhala maso. Bungwe la boma loona za ufulu wachibadwidwe, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 1996, lili ndi mphamvu yoloŵa m'ndende ndi kufunsa chifukwa chimene munthu akusungidwira. Nthambi ya boma yosamalira anthu ovutika imatenga ana oyenda okha, pakuti mwana sayenera kugona m'ndende ya akuluakulu. A Red Cross amathandiza kufufuza abale amene adasiyana pothaŵa. Mipingo nayo imayendera am'ndende, ndipo nthaŵi zambiri mbusa kapena mayi wa chigwirizano ndiye amayamba kudziŵa kuti m'ndendemo muli mlendo amene waiŵalika.

Achinayi pa mzere ndi a ofesi ya kazembe wa dziko la munthuyo. Ambiri othaŵa amafika opanda pasipoti, ndipo munthu sangatumizidwe ku dziko limene silinavomere kuti ndi wake. Kazembe amamfunsa za mudzi wake, mfumu yake ndi makolo ake, ndipo akakhutira amalemba chiphaso cha ulendo umodzi. Dziko la Congo lili ndi ofesi yotere ku Ndola, monganso Zambia ili ndi yake ku Lubumbashi. Pali lamulo lofunika pamenepa: kazembe sayenera kuuzidwa kanthu pamene pempho likadali kumvedwa, ndiponso ngakhale pambuyo pake sayenera kuuzidwa zimene munthuyo adaneneza boma la kwawo. Kuulula zimenezo kungaike pangozi iye ndi abale ake otsala kumudzi, ndipo munthu amene poyamba adalibe chifukwa choopera angakhale nacho tsopano.

Kuipa kotumiza munthu ku dziko limene silimdziŵa kudaoneka m'chaka cha 1994, pa nkhani ya andale aŵiri a chipani cha UNIP, a William Banda ndi a John Chinula. Boma la nthaŵi imeneyo lidati iwoŵa si nzika za Zambia, ndipo lidawapititsa ku Malaŵi. A Chinula adatengedwa kunyumba kwawo ku Ndola. Koma ku Malaŵiko sadavomerezedwe kukhala nzika, motero adasanduka anthu opanda dziko, kutali ndi akazi awo ndi ana awo. A Chinula adamwalira m'chaka cha 1998 asanabwerere ku Zambia. Komiti ya ku Banjul ija, pomva dandaulo la bungwe la Amnesty International, idagamula m'chaka cha 1999 kuti Zambia idaphwanya ufulu wawo. Kwa a Chinula chigamulocho chidafika mochedwa, ndipo chimene chidatsala kukambidwa ndi kubweza mtembo wawo.

Achisanu ndi bungwe loona za anthu osamuka m'maiko, la IOM, limene lidayamba m'chaka cha 1951 ndipo lidaloŵa m'banja la United Nations m'chaka cha 2016. Ili limathandiza wokanidwa amene wavomera yekha kubwerera. Limamfunsa payekha kuti litsimikize kuti sakukakamizidwa, limathandiza kupeza chiphaso kwa kazembe, limamuyeza ngati ali ndi mphamvu zoyendera, limagula tikiti, ndipo ndalama zikapezeka limampatsa kampamba koyambira moyo kwawo. Kunyamula munthu womangidwa unyolo si ntchito yake. Imeneyo imatsalira boma. Tinene chilungamo kuti mawu akuti "kuvomera yekha" ndi olemera pamene munthu akusankha pakati pa ndende ndi ndege. N'chifukwa chake ofunsa ayenera kufunsa modekha, ndipo akamva chifukwa chatsopano choopera, abweze nkhaniyo kwa Komishinala.

Mabungwe ameneŵa akagwira ntchito mwa dongosolo, zotsatira zake zimaoneka. Chitsanzo chili pa anthu a ku Congo amene adathaŵa nkhondo ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nasungidwa m'misasa ya Kala ku Kawambwa ndi Mwange ku Mporokoso. Iwoŵa adali ovomerezedwa, osati okanidwa, koma njira imene idatsatidwa ndi yophunzirapo. Maboma a Zambia ndi Congo pamodzi ndi UNHCR adayamba asainirana pangano. Anthu adalembetsa maina mwa kufuna kwawo. A IOM adawanyamula, ena pa galimoto kupita ku Pweto, ena pa sitima ya pa nyanja ya Tanganyika kuchokera ku Mpulungu kupita ku Moba ndi Kalemie, ndipo tsidya linalo adapeza owalandira. Pakati pa 2007 ndi 2010 anthu oposa 40,000 adabwerera motero, misasa iŵiriyo n'kutsekedwa. Amene adakana kupita adasamutsidwira ku Meheba.

Omaliza pa mzere ndi boma la dziko lolandira, ndipo ntchito yake ndi yosavuta kuinena: kulandira munthu wake ndi kumleka akhale mwamtendere. Koma lonjezo la boma lolandira liyenera kuyesedwa, pakuti pali nthaŵi zina pamene boma lomwelo ndilo lidathaŵidwa. Achikulire a ku chigawo cha Kum'maŵa akukumbukira chaka cha 1972, pamene a Mboni za Yehova zikwizikwi adathaŵa ku Malaŵi, kumene chipembedzo chawo chidaletsedwa m'chaka cha 1967, ndipo ankamenyedwa chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Adasungidwa pa msasa wa Sinda Misale, kufupi ndi malire. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho maboma aŵiri atagwirizana, anthuwo adakwezedwa m'magalimoto kubwerera ku Malaŵi. Chimene adathaŵa chidali chikadalipo, ndipo posakhalitsa ambiri adathaŵanso, ulendo uno kuloŵera ku Mozambique. Chiletso cha chipembedzo chawo chidachotsedwa m'chaka cha 1993. Kuwabweza kuja sikudathetse vuto; kudangolisamutsira ku dziko lachitatu. Masiku ano palinso pangano loletsa kuzunza anthu, limene Zambia idaloŵamo m'chaka cha 1998, ndipo ilo limaletsa kutumiza munthu aliyense, ngakhale wokanidwa, kumene kuli umboni woti akazunzidwa.

Nanga inu omvera, mbali yanu ndi yotani? Alendo ameneŵa sakhala m'maofesi; amachita lendi m'nyumba zathu ku Chimwemwe, ku Chifubu ndi ku Masala, amagulitsa nafe pa msika wa Chisokone, ndipo ana awo amaseŵera ndi ana athu. Mlendo akakuululirani kuti wathaŵa zoopsa, mlangizeni akadzionetse msanga kwa akuluakulu, pakuti wobisala nthaŵi yaitali nkhani yake imavuta kuikhulupirira. Mchenjezeni za anthu ogulitsa zitupa zachinyengo, chifukwa chitupa chabodza chimaipitsa ngakhale dandaulo loona. Ngati wakanidwa, mdziŵitseni kuti ali ndi ufulu wa apilo, ndipo afunefune loya kapena ofesi ya boma yothandiza osauka pa milandu nthaŵi isanathe. Ngati mukukayika za mlendo wina, kauzeni a Imigireshoni kapena apolisi. Kumthamangitsa ndi miyala kapena kumlanda katundu ndi mlandu, ndipo wochita zotere adzayankha yekha kukhoti.

Potsiriza tikumbukire kuti nafenso tidakhalapo mbali inayo ya chipata. Nkhondo ya pakati pa boma ndi mpingo wa Lumpa wa mayi Alice Lenshina itabuka ku Chinsali ndi ku Lundazi m'chaka cha 1964, anthu zikwizikwi a dziko lino adathaŵira ku Congo, ndipo ambiri adamanga misasa pa Mokambo, pafupi ndi Mufulira pomwepa. Pamenepo opempha malo adali ana a Zambia, ndipo ogamula adali eni dziko la Congo. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Dziko lili ndi ufulu wokana mlendo ndi kumbweza kwawo. Chimene tifunika kuyang'anira ife nzika ndi chakuti Komishinala amve, khoti lipatsidwe nthaŵi yake, kazembe atsimikize, ndipo pokhapo galimoto inyamuke.